Mmene ndinayendera kuchoka pa Dedza kukafika ku Zanzibar

Ndinanyamuka pa Dedza boma m'bandakucha, chifunga chitakuta phiri, nditavala majuzi awiri. Amayi anandiperekeza mpaka pa msewu akufunsabe kuti, "Kodi mwana wanga, nyanja ya ku Salima yakuchepera?" Ndinangowauza kuti ndikufuna ndikaone ndi maso anga kumene ankatengera anthu athu.

Ndisanachoke ndinakonza zinthu zitatu. Pasipoti, poti Mmalawi safunika viza polowa mu Tanzania. Madola, chifukwa mlendo amalipira tikiti ya sitima ya pamadzi yochoka ku Dar es Salaam kupita ku chilumba cha Zanzibar mtengo wa alendo, ndipo ndalama zakunja muziyamba kusaka kudakali masabata. Chachitatu ndi inshuwaransi: kuyambira mu October 2024 boma la Zanzibar limafuna kuti mlendo aliyense agule inshuwaransi ya bomalo, ndipo ndinagula pa intaneti n'kusindikiza pepala lake.

Basi ya ku Dar es Salaam ndinakwerera ku Lilongwe. Ulendo wake ndi wautali, usana ndi usiku wathunthu n'kupitirira. Pa chipata cha Songwe mumatsika, adinde pasipoti, muwoloke mlatho kupita ku Kasumulu, adindenso. Mukawoloka, sunthani wotchi ola limodzi kutsogolo. Koma chimene chinatsala pang'ono kundiphonyetsa sitima si chimenecho ayi. Aswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, ndiye akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa. Ine ndinamva "moja" n'kuganiza kuti ndi 1 koloko. Mwayi wake ndinayang'ana pa tikiti.

Pa doko la Dar es Salaam anyamata amakuthamangirani, wina akukoka chikwama, wina akuti tikiti ali nayo yotchipa. Musawayankhe. Lowani mu ofesi ya kampani ya sitimayo, perekani pasipoti, mugule pomwepo. Sitima yothamanga imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo amene sanazolowere mafunde asadye zonona.

Mukafika mudzadabwa kuti akukufunsaninso pasipoti ngati mwalowa dziko lina. Zanzibar inagwirizana ndi Tanganyika mu 1964 n'kupanga Tanzania, komabe ili ndi pulezidenti wake ndi boma lake, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Zanzibar, kumene sitimayo imakocheza. Mbali yake yakale ndi Stone Town, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000. Timisewu take n'topanikizana moti galimoto silowa, ndipo kusochera n'kosapeweka. Ndinasochera kangapo ndikuyang'ana zitseko zosema zokhomedwa mkuwa. Kumatentha, thukuta kamukamu, koma anthu ambiri ndi Asilamu, choncho valani modzilemekeza. Chitenje chinandithandiza kuposa chovala china chilichonse.

Usiku woyamba ndinadyera ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja moyang'anana ndi linga lakale. Funsani mtengo musanalandire mbale. Madzi a nzimbe othira gingere ndi ndimu ndi okoma kwabasi. Tchipisi ndinalawa, koma kachewere wathu wa ku Dedza sangafanane naye.

M'mawa mwake ndinapita ku Mkunazini, kumene ndinadzera ulendo wonsewu. Pamenepa panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pomwepo Bishopu Edward Steere anamangitsa tchalitchi cha Anglican. Mumalipira pakhomo, kenako wotsogolera alendo amakutsitsirani m'zipinda ziwiri zapansi. Denga lake n'lalifupi, timawindo take ngati ming'alu, mpweya wochepa. Tinalimo anthu ochepa chabe koma ndinkabanika. Bamboyo atamva kuti ndachokera ku Malawi anasiya kulankhula ndi gulu n'kundiyang'ana ine. Anati ambiri amene anagulitsidwa mumzinda uno anali a kunyanja kwathu. Zimenezi ndinaphunzira kusukulu: a Jumbe ku Nkhotakota, ngalawa zowolotsa anthu, ulendo wapansi mpaka ku doko la Kilwa ku Tanzania. Koma pa bolodi zinali mawu chabe. Ine amene ndinatopa pa mpando wa basi, ndinayesa kuwerenga mtunda umenewo kwa munthu woyenda pansi, goli lili m'khosi, mwana ali kumsana.

M'tchalitchimo muli mtanda wawung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo ku Zambia. Panja pali dzenje, m'menemo ziboliboli zisanu zomangidwa unyolo m'khosi. Alendo ena ankajambula. Ine foni ndinaitulutsa kuti ndiimbire amayi.

"Mwafika bwanji, mwana wanga?"

"Ndafika bwino, amayi. Ndaima pamalo paja."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndisachokepo ndisanapemphere.