Loweruka ku Serpentine, pansi pa mtengo wa a Kéré

Julayi 2017, London

Lero sindinali pa shifiti, ndiye ndinalonjeza mwana wa achemwali kuti tikawongolako miyendo. Tinatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Lancaster Gate n'kulowa mu Kensington Gardens, tikutsata madzi a Long Water mpaka tinafika pa kanyumba ka njerwa zofiira kotchedwa Serpentine Gallery. Ndakhala ndikudutsa pamenepa zaka zambiri osalowa. Mumtima ndinkati malo otere ali ndi eni ake.

Polowa salipiritsa. Nyumbayi inamangidwa mu 1934 ngati malo omwera tiyi, ndipo inayamba kuonetsa ntchito za aluso mu 1970. Ndi yaing'ono ndithu, zipinda zake ungazimalize tiyi asanazizire m'kapu.

Mkati muli chionetsero cha Grayson Perry, woumba wa kuno ku Britain. Muli nsalu zikuluzikulu zoluka zopachika pakhoma, mulinso njinga yamoto yokongoletsedwa modabwitsa, koma ine ndinakanirira pa mitsuko iwiri italiitali yoimikidwa moyandikana. Umodzi ndi wa anthu amene anavota kuti dziko lino lituluke mu European Union chaka chathachi, winawo ndi wa amene anafuna kukhalabe. Woumbayo anapempha anthu a mbali zonse kuti amutumizire zithunzi za zinthu zimene amakonda, n'kuziika pa dongo. Ukaima patali sungadziwe kuti uwu ndi wa ndani, yonse ili ndi buluu wambiri. Ndinawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda, ndikuona nkhope zing'onozing'ono zopanikizana pansi pa utoto wonyezimira. Kuntchito anthu akhala akusungirana kampeni kumphasa chifukwa cha voti imeneyi, ena mpaka kusiya kudyera limodzi. Apa ndinawaona ali pa dongo limodzimodzi. Zinandikhudza, ndipo ndinakumbuka manja a agogo akusalaza mbiya ndi chikonyo cha chimanga.

Mwana uja anandikoka dzanja. "Amayi aang'ono, tiyeni panja, kuli nyumba ya buluu."

Anali kunena zoona. Pafupifupi chaka chilichonse kuyambira mu 2000, pa kapinga wa kutsogolo kwa nyumbayi pamamangidwa chisakasa chongokhala miyezi yotentha yokha, ndipo choyamba anajambula ndi katswiri wa mapulani a nyumba Zaha Hadid. Cha chaka chino ndi cha a Francis Kéré a ku Burkina Faso, munthu woyamba wa ku Africa kupatsidwa ntchitoyi. Anabadwira m'mudzi wa Gando, anakaphunzira zomangamanga ku Berlin, kenako anabwerera kwawo kukamanga sukulu ya pulayimale limodzi ndi anthu a m'mudzimo. Chisakasachi anachiganiza kuchokera ku mtengo waukulu umene anthu a kwawo amasonkhanapo.

Sindinafunike kuwerenga chikwangwani kuti ndimve zimenezo. Denga lake ndi lotambalala ngati nthambi, la timatabwa tolowetsa kuwala pang'onopang'ono, ndipo silikhudza makoma, choncho mphepo imadutsa bwinobwino. Makomawo ndi a matabwa opaka buluu wakuda, osanjidwa m'makona atatuatatu, okhala ndi timipata. Mwanayo anaika diso pa kampata kamodzi n'kumandiuza agalu amene akudutsa panja. Makomo ndi anayi, opanda chitseko. Ndinakhala pansi, ndipo ndinali pa bwalo la kwathu pansi pa kachere, pamene amfumu amaweruzira milandu ife ana tikusuzumira kumbuyo kwa akuluakulu.

Kenako kunayamba kuwaza. Pakati pa dengalo pali chibowo, ndipo denga lonse linapendekera kumeneko kuti madzi a mvula azitsikira pakati. Anthu amene anali pa kapinga anathamangira mkati, osadziwana, kuthithikana ndi matumba awo ndi ngolo za ana. Madontho anayamba kugwera pakati paja, ana n'kutambasula manja. Mayi wina wachikulire anasendera kuti ndikhale bwino, tinayamba kucheza za mvula ya kuno ndi ya kwathu, ine ndikumufotokozera fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa mu Novembala.

Nyumba yachiwiri ya Serpentine, ya tsidya la mlatho, sitinafikeko chifukwa mwana anali atatopa ndipo nsapato zinali zitanyowa. Chisakasachi achichotsa chaka chino chisanathe. Ndawaimbira kale achemwali kuti apemphe tchuthi Loweruka likubwerali, tipite tonse.