Singano Imene Inandikomola ku Johannesburg

Utelala umapha khosi, ndipo aliyense amene amawerama pa makina osokera m'mashopu a ku Fordsburg angandichitire umboni. Ine ndinkavutika ndi litsipa la mbali imodzi, loyambira kuseri kwa khutu kukathera pafupi ndi diso, moti nditamva kuti ophunzira a physiotherapy (chithandizo cha minofu ndi mafupa kudzera m'mafizo) pa yunivesite ina akufuna anthu oti awachitire kafukufuku wa ululu wa m'minofu, komanso kuti chithandizocho n'chaulere, ndinalembetsa msangamsanga.

Mayi wofufuzayo sanaugwire n'komwe mutu wangawo. Anatsina mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, wotchedwa trapezius, napeza kamfundo kolimba ngati nyemba yosapsa, ndipo atakadina ululu unathamangira pa litsipa penipeni. Anandifotokozera kuti timfundo totere, ma trigger point, timatumiza ululu kutali ndi pamene tili, ndipo kuti Janet Travell, amene anakhala dokotala wa Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America ku White House mu 1961, anajambula njira za ululuwu pamodzi ndi David Simons m'buku lawo la 1983. Zinandikomera kumva kuti vuto langa linafikako kunyumba ya pulezidenti, ngakhale kuti iyeyo unali msana.

Chithandizo choyesedwacho chinali kubaya kamfundoko ndi singano yopyapyala yopanda mankhwala, njira imene Karel Lewit wa ku Czechoslovakia analemba za iyo mu 1979. Akatswiri sagwirizana pa nkhaniyi: mu 2015 John Quintner ndi anzake analemba kuti chiphunzitso chonse cha timfundoti chilibe umboni wokwanira, ndipo nthawi zambiri opima awiri samvana pamene kamfundo kali pa wodwala mmodzi yemweyo. N'chifukwa chake fomu imene ndinasaina inanena poyera kuti ena adzabayidwa zenizeni, ena mongoyerekeza, mwa maere. Ine ndinalibe chikayiko chilichonse za gulu langa, pakuti munthu amadziwa akabayidwa.

Ndinagona chafufumimba, ndinamva kulasa kukulowerera mpaka m'fupa, ndipo ndinapirira mwachimuna. Koma nditadzuka kuti ndivale malaya, chipinda chinayamba kuzungulira, ndipo ndinatsitsimuka ndili pansi, miyendo yanga itakwezedwa pampando, wina akundipepesa mu Chizulu, wina akundimwetsa madzi a shuga.

Chodabwitsa n'chakuti litsipa lija linachepadi. Ndinalalikira za singanoyo kutchalitchi, kushopu, ngakhale kwa anthu odikira basi ya ku Blantyre pafupi ndi Park Station, ndipo singanoyo inkatalika nthawi iliyonse imene ndinkaifotokoza: inayamba yofanana ndi chala, kenako inafika pa chikhatho chathunthu. Kunyumba ndinapatsidwa ulemu wa munthu wochokera kunkhondo, ndipo mbale sindinkatsuka.

Kafukufuku atatha anatitumizira makalata ofotokoza gulu limene aliyense anali, ndipo mwatsoka langa kalatayo inafika m'manja mwa mayi a kunyumba. Anaiwerenga modekha, kawiri. Singano yanga inali yobuntha, yopangidwa kuti ikakhudza khungu izibwerera m'chigwiriro chake, ndipo sinaboole ngakhale pang'ono.

“Bambo a Chikondi,” anatero akupinda kalatayo mwaulemu, “ndiye chinakugwetsani pansi chija n'chiyani?”

Ndinaimbira wofufuza uja kuti aunikenso mabuku ake, pakuti dzina langa likhoza kusokonezedwa ndi la munthu wina. Iye anayankha mokoma mtima kuti palibe cholakwika, kuti mantha okha amatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi mpaka munthu kukomoka, ndipo kuti anthu ochira ndi singano yabodza ndiwo amachititsa kuti gulu loyerekeza likhale lofunika. Anandithokoza kwambiri, ngati kuti ndinachita dala.

Masiku ano ndikangodandaula mutu, mayi a Chikondi amapita kukhitchini n'kubwera ndi kamtengo kotokosera m'mano, ndipo asanayambe chithandizo amauza ana kuti ayale matiresi pansi.