Ku galaja kwathu khutu limayamba, sipanala pambuyo

Aliyense wodziwa Lilongwe amadziwa kuti ku Biwi amakaniko ndi osawerengeka, ndipo ambiri maso awo amakhala pa injini ndi giyabokosi, poti ndalama zonona zili kumeneko. Ine ndi mlamu wanga titayamba, tinali ndi bokosi limodzi la zida, batire lakale ndi tesita ya kababu. Tinasankha zamagetsi, n'kumatola tintchito timene anzathu ankatikankhira kumbali: hutala, magetsi, ma waipa. Koma imene inatipatsa dzina ndi yaing'ono kuposa zonsezi, yokonza madzi otsukira galasi lakutsogolo.

Munali mu November, mvula yoyamba itangogwa. M'mawa kunafika bambo wina woyendetsa Sienta ya matola, galasi lili mbuu. Anachoka ku Dedza usiku, ndipo ngumbi zinamuchingamira mu M1 monse. Ngumbi ikaphulika pagalasi imasiya mafuta, waipa wouma akadutsapo amangowazira ngati akuzira nyumba, ndiye magetsi a galimoto yobwera kutsogolo akawala suonanso kanthu. Bamboyo anayenda mtunda wonsewo atatulutsa mkono pawindo, akukhuthulira madzi a m'botolo pagalasi, kumbuyo atanyamula anthu.

"Achimwene, pampu yapsa. Ndagula kale ina, mungondiikira," anatero.

Ndinamvera. Ndinachotsa tayala ndi chipulasitiki cha m'madigadi, poti thanki la madzi otsukira galasi m'galimoto zambiri zochokera ku Japan limabisala kuseri kwa bampala, n'kuika pampu yatsopano. Titayesa, pagalasi sipanagwe ngakhale dontho. Mlamu wanga ndiye anagwada n'kuona madzi akudontha pansi. Atalondola kapaipi anapeza kuti khoswe anakatafuna pafupi ndi pamene boneti imapindikira. Pampu yakale inali bwinobwino. Zinandipweteka mtima kuona munthu wodya za tsiku lomwelo atataya ndalama pachabe, ine ndikuthandizira. Tinalumikiza kapaipiko, ndipo sindinamulipiritse za kuika pampu.

Kuchokera tsiku limenelo sitimasula kanthu tisanamvetsere. Timayang'ana kaye ngati muthanki muli madzi. Kenako mwini galimoto amatembenuza kiyi osaliza injini, n'kukoka kandodo ka waipa, wina wa ife atatchera khutu pafupi ndi bampala. Pampu yamoyo imalira ngati njuchi. Ikalira koma madzi osatuluka, magetsi alibe mlandu, vuto lili m'njira ya madzi. Ikakhala chete timapita ku fiyuzi. Pachivundikiro cha bokosi lake nthawi zambiri pamalembedwa WASHER kapena WSH. Fiyuzi ikakhala yabwino timasolola pulagi ya pampu n'kugwiritsa tesita. Kababu kakayaka ndiye kuti mavoti 12 akufika, ndipo apo m'pamene timayamba kukaikira pampu. Kakapanda kuyaka, nkhani ili pa waya kapena pa switchi ya pa chiwongolero. Toyota zambiri zokhala ndi waipa wakumbuyo zili ndi mapampu awiri pathanki limodzi, choncho kusinthanitsa mapulagi kumatiuza zoona tisanatume munthu kusitolo.

Pa za fiyuzi ndimalankhula mosapsatira. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya n'kuitana moto, chifukwa fiyuzi imapsa kuti waya asapse.

Galimoto zambiri zimene timalandira, vuto lake limachokera pa zimene eni ake amathira muthanki, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa amachita pofuna ukhondo. Amasungunula sopo waufa wochapira zovala, ena amatunga madzi a pamjigo kapena a pachitsime. Sopoyo akakhala masabata angapo pamalo otentha amasanduka chinthu choterera ngati therere. Pamene pampu imalowa muthanki pali kalabala kokhala ndi kasefa kakang'ono ngati nsonga ya chala. Ukakasolola umapeza katakutidwa ndi zonanda zotuwa, zonunkha ngati madzi a m'ngalande. Madzi a pamjigo nawo amasiya zoyera ngati laimu m'timabowo totulutsira madzi pa boneti, ndipo fumbi la September ndi October limadzamalizitsa kutseka. Zikatero timatsitsa thanki, kulitsuka ndi madzi ofunda mpaka atuluke oyera, kupopera mpweya wa kompresa m'timapaipi, n'kutokosa timabowoto ndi singano mosamala. Singano yomweyo ndi imene timawongolera nayo kuti madzi azigwa pakati pa galasi, osati kudumpha denga. Timawauza kuti azithira madzi oyera a pampopi ndi mankhwala ake otsukira galasi, akasowa bola madzi okhaokha. Thanki likauma asamangokokabe kandodo, chifukwa pampu yozungulira popanda madzi imatentha n'kufa.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za galimoto zinakwera mtengo kwambiri, poti pafupifupi zonse zimachokera kunja. Ndinkaopa kuti titseka. M'malo mwake anthu anayamba kufunafuna wokonza m'malo mwa wosintha, ndipo a matola ankauzana okhaokha pa siteji kuti ku Biwi kuli anyamata amene sakugulitsa pampu usanaifune. Munthu amene wabwera ndi nkhani ya madzi n'kuona kuti sitinamudyere, amadzabweranso ndi alitaneta, mawa lake n'kutumiza m'bale wake. Umo ndi mmene tinapezera malata ofolera shedi yathu ndi kompresa yathuyathu, titatopa n'kubwereka.

Panopa tili ndi mtsikana amene akuphunzira ntchito. Sabata yatha kunabwera mayi wina ndi Vitz, akudandaula kuti madzi anasiya kutuluka kalekale. Ndinangoima patali. Mtsikanayo sanathamangire bokosi la zida. Anagwada pafupi ndi tayala lakutsogolo n'kunena kuti, "Mayi, tembenuzani kiyi koma musalize, kenako mukoke kandodo ka waipa." Anamvetsera kanthawi, n'kudzuka akupukuta mawondo. "Pampu ili moyo, amalume. Ndipatseni singano."