Ma hummingbird afika, sungunulani shuga

M'mawa uno ka hummingbird koyamba, kambalame kakang'ono kwambiri komwe kamamwa timadzi ta m'maluwa, katulukira pakhonde kuno ku Texas, m'dziko la America, mapiko akulira ngati njuchi. Amene munagula kabotolo kodyetsera mbalamezi, nthawi yake ndi ino.

Sungunulani kapu 1 ya shuga woyera m'makapu 4 a madzi owiritsa, azizire, basi. Uchi ayi, umasasa msanga ndipo nkhungu yake imadwalitsa mbalamezi. Shuga wabulawuni ayinso. Utoto wofiira musathiremo, kufiira kwa kabotoloko n'kokwanira kuziitana.

Chondiwawa n'chakuti ambiri amangopachika n'kuiwala, abale. Kunja kukatentha madziwo amawonongeka pa masiku 2 okha. Pachikani pamthunzi, muzithira pang'ono, muzitsuka ndi madzi otentha posintha. Mukaona madzi achita mbuu, tayani pompo.