Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Tsiku limene anzanga anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga

M'gawo lapitalo ndinakusiyani ndikutsika basi pa Intercity, ana awiri kumanja, thumba la mtedza wa ku Katete pamutu, kutsatira bambo a kunyumba amene anali atapeza ntchito kuno ku Lusaka. Lero ndikufuna ndikambe za sukulu imene ananditumiza, ya m'komboni ina kumadzulo kwa tauni, ndi za chinthu chimene chinandichitikira kumeneko mu Okutobala 2015.

Ndinafika pa sukuluyo ndili kale mphunzitsi wokhwima. Uphunzitsi ndinauphunzira ku Chipata m'nthawi ya maphunziro a uphunzitsi otchedwa ZATEC, pamene tinkakhala chaka chimodzi ku koleji, chaka chachiwiri n'kukhala kale pa sukulu tikuphunzitsa. Zaka zonse za kumudzi ndinkagwira Giredi 1, ndipo ana anga ankawerenga. Choncho mu 2014, pamene boma linayamba dongosolo latsopano loti ana a Giredi 1 mpaka Giredi 4 aziphunzira m'chinenero cha m'dera lawo, ndipo kuno ku Lusaka chinasankhidwa Chinyanja, ine mtima unali m'malo. Anzanga ndiwo anali ndi nkhawa. Pa sukulu yathu panali aphunzitsi a ku Kasama, a ku Mongu, a ku Monze, anthu olankhula Chinyanja cha m'minibasi ndi cha pa Soweto Market, amene buku la ana ankalitsegula n'kupeza mawu oti sanawamvepo. Ahedi anandiitana n'kunena kuti, "Ba madam, inu ndinu eni ake a chinenero, Giredi 1 ndi yanu." Ndinavomera ndi manja awiri.

Kwa amene simuli aphunzitsi, ndifotokoze pang'ono. M'sukulu za boma muno mu Zambia muli dongosolo lotchedwa SPRINT, loti aphunzitsi aziphunzitsana pa sukulu pawo pomwepo temu iliyonse. Timagawidwa m'timagulu, ndipo msonkhano wa kagulu timautcha TGM. Pamakhala mphunzitsi mmodzi woyang'anira zimenezi, amene tonse timangomuti a SIC, ndipo pali buku lolembamo zimene mwakambirana. Ndinene zoona, zaka ziwiri zoyamba TGM yathu inali ya bukulo basi. Tinkakumana masana pamene ana a m'mawa akutuluka, a masana akulowa, phokoso lili ponseponse, wina akuganiza za mwana amene wamusiya kwa aneba, wina za basi ya ku Matero. Wina ankawerenga kapepala, tonse n'kusaina, n'kumwazikana.

Zinasintha pamene a SIC athu anabwera kuchokera ku msonkhano wa zoni, ndiye kuti wa masukulu oyandikana, ndi nkhani ya Lesson Study. Anatiuza kuti njirayi inachokera ku Japan, ndipo kuno inayamba mu 2005 m'chigawo cha Pakati, kwa aphunzitsi a sayansi, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, kenako inafalikira ku Copperbelt ndi kwina. Mmene imayendera ndi motere: mumasankha chinthu chimodzi chimene chikuvuta ana, mumakonza phunziro pamodzi, mmodzi wa inu amakaliphunzitsa ena akuonerera, mumakambirana, mumalikonzanso, ndipo wina amakaliphunzitsanso m'kalasi ina. Anabwereza kawiri kuti phunzirolo si la munthu amene waima kutsogolo koma la gulu lonse, ndiponso kuti oonerera asamayang'ane mphunzitsi, aziyang'ana ana. Mawu amenewo ndinawamva, koma sanalowe. Kwa ine munthu wokhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope m'manja anali insipekitala, ngakhale mumutche dzina lanji.

Tinali asanu m'gulu lathu. Vuto limene tinasankha linali la malembo ophatikiza. Ana ankawerenga bwino ma, me, mi, mo, mu, koma tikafika pa dz, ts ndi ena otere, kalasi inkazizira. Tinagwirizana zoyamba ndi dz. Pokonza phunzirolo ndine ndinalankhula kwambiri. Ndinatchula mawu: dzuwa, dzanja, madzi, dzungu, dzira. Mnyamata wa ku Kasama, amene anali atangoyamba kumene ntchito ndipo anali ndi luso lojambula, anajambula zithunzi zake pa makatoni. Panali mayi wina wachikulire wa ku Monze, wosalankhulalankhula, amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Iwo anafunsa motsitsa kuti, "Nanga mawu aya ana awadziwa?" Ndinayankha kuti Chinyanja chake n'chimenecho, ndipo m'buku alemba choncho. Sananenenso kanthu.

Tsiku la phunziro kunatentha monga mmene kumatenthera mu Okutobala, malata akulira. Ana anabwera 78, atatu kapena anayi pa desiki, ena pansi kutsogolo. Anzanga anayi anakhala m'mbali ndi kumbuyo. Ndinakweza chithunzi choyamba. Kalasi yonse inakuwa mosangalala, "Zuba!" Ndinati, "Ayi, dzuwa. Nenani nonse, dzuwa." Ananena. Ndinakweza chachiwiri. "Kwanja!" Ndinati ayi, dzanja. Chachitatu, "Manzi!" Apa mawu anali atachepa kale. Pofika pa dzungu palibe amene anayankha, anangodikira kuti ndinene ine. Ndinawayimbitsa dza, dze, dzi, dzo, dzu mpaka makoma anagwedezeka, ndinalemba mawu pa bolodi, anakopera, nthawi inakwana. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, koma ndili wokhutira kuti phunziro layenda.

Tinakakhala pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Mwambo wake ndi woti amene waphunzitsa ayambe kulankhula, ndiye ndinanena kuti ana agwira phokoso la dz, kungoti Chinyanja chawo n'chowonongeka ndipo tifunika kuchiwongola. Awiri anavomereza. Kenako mayi a ku Monze aja anatambasula pepala. Anali atajambulapo madesiki onse a m'kalasi mwanga, ndipo mwana aliyense akayankha payekha, ankaika kachizindikiro pa desiki yake. Zizindikiro zonse zinali pa ana 11, pafupifupi onse a m'mizere iwiri yakutsogolo. Pa madesiki a kumbuyo pepalalo linali loyera.

Anati, "Mwana wanga, ine sindinaone inu, ndinaona kamnyamata kamene kanakhala pafupi ndi ine pakona. Mutakweza chithunzi cha dzuwa, iko kanatenga pensulo n'kulemba kokha m'kope: z, u, b, a. Palibe amene anakauza. Sikanakopere pa bolodi, chifukwa pa bolodi panalibe. Mutanena kuti ayi, kanafufuta ndi chala chonyowetsa ndi malovu, mpaka pepala linabooka. Kuchokera pamenepo sikanalembenso kanthu, kanangoyendetsa milomo."

Ndinasowa chonena. Chaka chonse ndinkalimbana kuti ana amenewa afike poti amve mawu m'mutu mwawo n'kuwasandutsa malembo okha. Mwana uja anali atafika pamenepo, m'kalasi mwanga, pamaso panga, ndipo ine ndinamuuza kuti walakwa. Ndikanakhala ndekha m'kalasimo sindikanadziwa mpaka lero, chifukwa munthu woima kutsogolo kwa ana 78 amaona manja okwezedwa ndi kumva khwimbi likuyimba, za pakona sazidziwa. M'kaundula wanga kamnyamatako ndinali nditakaika m'gulu la ochedwa kugwira.

Misozi inalengeza, ndipo mkwiyo unalipo ndithu, sindibisa. Ndinkaganiza kuti Mtonga angandiuze chiyani za chinenero cha amayi anga. Koma iwo sanali kundiuza za chinenero. Anapitiriza kuti iwowo atabwera ku Lusaka ali mtsikana ankaopa kutsegula pakamwa pamsika, chifukwa akalankhula anthu ankaseka, choncho nkhope ya mwana amene wauzidwa kuti mawu a kwawo ndi olakwa amaidziwa. A SIC anatikumbutsa kuti phunzirolo tinalikonza tonse, ndiye ngati mawu sanagwirizane ndi ana, tonse asanu ndife tinaphonya. Zimenezo zinandithandiza kukhala pansi osanyamuka.

Tinalikonzanso Lachinayi lotsatira, ndipo ulendo uno ndinamvetsera kwambiri kuposa kulankhula. Tinagwirizana kuti mwana akati manzi, mphunzitsi avomere, alembe manzi pa bolodi, ana awerenge mawu awoawo. Kenako anene kuti m'buku muli mawu ena a chinthu chomwecho, alembe madzi pambali pake, ndipo ana okha apeze pamene mawu awiriwo asiyana. Mnyamata wa ku Kasama ndiye anaona kuti manzi ndi madzi amasiyana lembo limodzi lokha, ndipo n'chifukwa chake tinayamba ndi mawu amenewo m'malo mwa dzuwa. Tinachotsa dzungu ndi dzira, tinatsala ndi mawu atatu. Tinachepetsanso kuyimba, n'kuika nthawi yoti ana awiriawiri alembe okha mphunzitsi akuzungulira.

Amene anaphunzitsa ndi mnyamata wa ku Kasama uja, m'kalasi ya mnzathu wina, ndipo ine ndinakhala kumbuyo pakona ndi pepala langa la madesiki. Aka kanali koyamba pa zaka zonse za ntchito yanga kukhala pamene ana amakhala. Ndinaona kuti kuchokera kumeneko theka la bolodi silioneka chifukwa cha kuwala kwa pawindo. Ndinaona ana atatu akudikirana pensulo imodzi. Ndinaonanso kamtsikana kakuloza ndi chala pa n ndi pa d, n'kutembenukira mnzake kumuuza kuti, "Ona, apa ndiye pasiyana." Sikuti ana onse anagwira tsiku limenelo. Ambiri analembabe mazi kapena manzi pamene tinkafuna madzi. Koma zizindikiro pa pepala langa zinafika mpaka mzere womaliza.

Kuyambira nthawi imeneyo ndapitako ku mawekishopu angapo, ena a m'maholo abwino, a chakudya chamasana ndi kandalama ka thiransipoti. Sindiwanyoza, ndaphunzirako zinthu. Koma amene amapita ndi mmodzi kapena awiri, ndipo pobwera amatipatsa m'mphindi 30 zimene iwo anamva masiku atatu. Wophunzitsa kumeneko sadziwa kuti m'kalasi mwanga bolodi silioneka kuchokera pakona. Amene angadziwe ndi mnzanga wa khomo loyandikana nalo, ngati ndimulola kulowa, ndipo ngati sukulu itipatsa nthawi yeniyeni yokhalira pamodzi. Nthawiyo ndiyo imasowa. Chiyambire 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, ana achuluka kwambiri m'makalasi, chimene chili chabwino kwa anawo, koma mphunzitsi amafika pa TGM atatheratu. Ndaona m'malo ena msonkhanowo utabwerera ku kusaina buku, ndipo zimandiwawa, chifukwa ndikudziwa chimene ungathe kuchita.

Za chinenero anzanga ena amati mabuku angolembedwa m'Chinyanja cha m'tauni. Ine pamenepo sindinafike. Ndimafuna mwana wa ku Kanyama adzathe kuwerenga kalata ya agogo ake a ku Chadiza, ndiponso nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Mawu akuti dzuwa ndimawaphunzitsabe. Chimene ndinasiya ndi kuyamba ndi ayi.

Kamnyamata kaja ndinakasamutsira kutsogolo sabata yomweyo. Ndinapempha kope lake, ndinapeza tsamba lobooka lija, ndipo pansi pa bowolo ndinalemba zuba ndi cholembera chofiira n'kuchonga. Kanandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Mayi a ku Monze anapuma pa ntchito chaka chotsatira n'kubwerera kwawo, ndipo pepala lawo la madesiki analisiya kwa ine. Lili m'Baibulo langa mpaka pano.

M'gawo lotsatira ndidzakamba za Januwale 2018, pamene kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu muno mu Lusaka, ndi mmene tinakhalira m'komboni masabata amenewo.