Chikopa chonyowa sichipirira kutentha

Lolemba kunafika lole ya zikopa za ng'ombe, zina zothira mchere, zina zoyanika padzuwa mpaka kuuma gwa. Ine ndimagwira mu labotale ya fakitale yofufuta zikopa: ndimadula tizidutswa, kutiyesa, n'kuuza a kumadiramu ofufutiramo zikopa ngati chikopa chafufutika bwino kapena ayi.

Zoyanika zija tinaziviika m'madzi, ndipo pofika Lachitatu, zili mu laimu wochotsera ubweya, zingapo zinayamba kusupuka zigamba. Bambo amene anatigulitsa anaumirira kuti tachulutsa laimu. Koma vuto linayambira kumudzi. Chikopa ukachiyala pansi padzuwa, kunja kumauma msanga, chinyezi n'kutsekeredwa mkati. Mkatimo mumatentha muli monyowa, mabakiteriya nawonso ali kalikiliki, ndipo sizioneka mpaka chikopa chitatupa mu laimu.

Chikopa kwenikweni ndi collagen, puloteni ya tizingwe titatu topotana, monga Ramachandran ndi Kartha anafotokozera ku Madras mu 1954. Pa ma amino acid (timagawo topanga puloteni) atatu alionse, imodzi ndi glycine, yaing'ono kuposa onse, ndiyo imakwana pakati pomwe tizingwe timakumana. Glycine ameneyu amagwira kachingwe koyandikana nako kudzera mu hydrogen bond, kukokana kwa pakati pa maatomu. Imodzi payokha ndi yofooka, mphamvu yake ndi kuchuluka.

Nanga madzi? Mu 1994 Jordi Bella, Barbara Brodsky, Helen Berman ndi anzawo anaona ndi X-ray kuti madzi amazinga tizingweti mwadongosolo, ambiri atagwira pa hydroxyproline, amino acid ina ya mu collagen. Ena anati basi, kulimba kwa collagen n'komweko. Koma mu 1998 gulu la Ronald Raines linaika atomu ya fluorine pamalo pomwe madziwo amagwira, tizingwe n'kulimba kuposa kale. Ine ndimapendekera kwa Raines, ngakhale kumadiramu palibe amene mkanganowu umamusowetsa tulo.

Lachinayi ndinaonetsa mtsikana amene akuphunzira ntchito mmene timayesera kutentha kumene chikopa chingapirire. Kachidutswa timakaika m'madzi n'kumatenthetsa pang'onopang'ono. Kosafufuta kanakwinyika mwadzidzidzi cha pa madigiri 65. Chofufuta ndi makungwa chimafika cha pa 80, chofufuta ndi mankhwala a chrome chimapirira ngakhale madzi owira. Komatu collagen youma kwambiri imadutsa madigiri 150 osasungunuka. Anadabwa.

"Achemwali, madzi omwewo amalimbitsa, omwewonso amawononga?"

Ndinamuuza kuti akumbukire mang'ina pamoto. Kutentha kukadula hydrogen bond, madzi amalanda malowo, tizingwe timamasuka, ndiye msuzi uja umagwirana ukazizira. Ndi gelatin ameneyo, ndipo chikopa chimene chafika pamenepo sichibwereranso.

Lachisanu bambo aja anabwera kudzatenga ndalama zawo, titadula za zikopa zowonongeka. Ndinawapempha kuti aziuza opha ng'ombe achotse mafuta, atambasule chikopa ndi zingwe pamthunzi podutsa mphepo, apo ayi athire mchere tsiku lomwelo. Anati mchere wakwera mtengo, zoyanika pamthunzizo ayesa.