Munthu akagona tulo amayamba kufunsa za mawa

Ndine namwino pachipatala china cha boma kuchigawo cha kummwera, ndipo gawo langa ndi la palliative care, losamalira anthu amene matenda awo afika poti sangachizikenso. Lolemba ndi tsiku lathu la kiliniki. Isanakwane 8 koloko benchi ya pakhonde imakhala itadzaza, ena ndi odwala eni ake, koma ambiri ndi magadiyani amene abwera ndi kabuku ka kuchipatala ndi botolo lopanda kanthu, kudzatengera mofini (mankhwala amphamvu oletsa ululu) m'bale wawo amene sangathenso kukwera kabaza. Matenda ake ndi omwewo chaka ndi chaka: khansa ya khomo la chiberekero, khansa ya kummero, khansa ya pakhungu ya Kaposi, khansa ya m'mawere, ena sitiroko. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika kwa ife matenda atafalikira kale.

Lolemba lapitali, mzere utatsala pang'ono kutha, analowa mmodzi mwa mavolontiya athu a kumudzi. Anati kudera kwawo kuli mayi wina wodwala khansa ya khomo la chiberekero amene anamuuza kuchipatala chachikulu kuti opaleshoni siingathekenso, ndipo chibwerere sanatulukemo m'nyumba. Anati usiku anthu oyandikana nawo amamva kubuula. Tinagwirizana kuti tipite mawa lake.

Tinafika Lachiwiri dzuwa la Okutobala litayamba kale kuswa mtengo. Mayiwo sanali m'nyumba yaikulu. Anali atawayalira mphasa m'kanyumba kosungiramo makasu ndi matumba, ndipo fungo linatilonjera tisanafike pakhomo. Sindikuwaweruza abale awo. Bala la khansa iyi limatulutsa madzi onunkha usana ndi usiku, ndipo panalibe amene anawaphunzitsapo chochita. Mayiwo anali atadzipinda, manja atagwira pachinena, milomo itauma. Nditagwada n'kuwapatsa moni sanatsegule maso. Anangoti, "Anesi, ngati muli ndi jekeseni yoti ndigone osadzukanso, ndibayeni. Ndatopa."

Mawu otere ndimawamva kawirikawiri, ndipo sindithamangira kuwatsutsa kapena kutsegula Baibulo. Munthu amene wakhala miyezi osagona chifukwa cha ululu sangamve ulaliki, ngakhale utakoma bwanji. Ndinawafunsa pamene pakupweteka, kupweteka kwake kotani, komanso kuti pa zala zisanu za dzanja langa ululuwo wafika pa chala chiti. Anagwira dzanja lonse. Tinawayambitsa mofini wamadzi, 5mg maola anayi alionse, usiku pogona mlingo wowirikiza kuti asadzuke pakati pa usiku. Ndinamuonetsa mng'ono wawo mmene angakokere mankhwalawo ndi sirinji yopanda singano n'kuthira m'kamwa, ndipo ndinamulembera nthawi zake pachikuto cha kabuku. Tinasiyanso mapiritsi ofewetsa m'mimba, chifukwa mofini amamanga chimbudzi, ndipo ukaiwala zimenezi wachotsa vuto limodzi n'kubweretsa lina. Za fungo tinagwiritsa ntchito metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl. Fungolo limachokera ku tizilombo timene timaswana pabala pamene mpweya sufika, ndipo mankhwalawa amatipha. Tinawasambitsa, tinachapa zitenje, tinadula nsalu zakale kuti zikhale zosinthira.

Mng'ono wawo uja ananditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti iye anamva zoti mofini ndi mankhwala omalizitsa munthu. Mantha amenewa ali paliponse, ngakhale mwa ogwira ntchito zachipatala ena. Ndinamufotokozera kuti mofini woyambira pamlingo wochepa, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono molingana ndi ululu, sapha munthu. Anthu amaona ngati amapha chifukwa nthawi zambiri amaperekedwa mochedwa, munthu atatsala maola ochepa. Njira ya mofini wakumwa wotsika mtengoyi anailimbikitsa kwambiri muno mu Africa Dr Anne Merriman, amene anayambitsa bungwe losamalira odwala osachizika la Hospice Africa Uganda mu 1993, ndipo kwathu kuno malo ngati Tiyanjane ku Queens ndi Ndi Moyo ku Salima aonetsa kuti ndi yotheka. Chimene chimandipweteka n'choti pali midzi yambiri imene botolo limeneli silinafikeko.

Lachitatu ndinakhala muwodi ya abambo. Munali bambo wina wachikulire wa khansa ya kummero, amene ngakhale madzi ankangobwerera, pambali pa bedi pali kachitini kolavuliramo malovu. Akazi awo ankaphikabe phala m'mawa uliwonse kukhitchini ya magadiyani, n'kubwera nalo, n'kubwerera nalo. Ndinawapeza panja akulira, mbale ili pamiyendo. Anati, "Zaka zonsezi sanagonepo ndi njala m'nyumba mwanga. Lero anthu aziti ndawapha ndi njala ine." Ndinakhala nawo pansi. Ndinawauza kuti chotupa chatseka njira, kuti si iwo alephera, ndipo ndinawaonetsa kunyowetsa milomo ya amuna awo ndi kansalu koviika m'madzi ndi kuwapaka mafuta pamilomo. Manja awo anafunika chochita, ndipo anachipeza.

Bamboyo atandiitana anafunsa mosazungulira ngati adzachire. Ndinawafunsa kuti iwo akuona bwanji. Anati akuona kuti ulendo wafupika. Ndinavomera. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati akufuna kupita kwawo akadali moyo, akaone dimba lawo, komanso kuti ana asadzavutike ndi ndalama ya galimoto yonyamula maliro, imene imakwera mtengo kuposa ya munthu wamoyo. Tinalankhula ndi adokotala, tinawakonzera mankhwala opita nawo, ndipo madzulo omwewo mwana wawo anabwera ndi galimoto ya matola. Pokwera anali akulangiza mwanayo za ngalande ya kudimba imene inafunika kukonzedwa mvula isanagwe. Uthenga unatipeza Lachisanu kuti atisiya usiku wa Lachinayi, ali m'nyumba mwawo, dimbalo ataliona atawanyamula pampando.

Pali anthu amene amati kuuza wodwala zoona ndi kumuphera chiyembekezo. Ine ntchitoyi yandionetsa zosiyana. Wodwala amene aliyense akumunamiza kuti achira amakhala yekhayekha, chifukwa thupi lake likumuuza zina ndipo alibe woti akambirane naye. Banja nalo limagulitsa mbuzi, njinga, mwinanso munda, kuthamangira kwa asing'anga ndi kwa aneneri olonjeza machiritso, ndipo pomwalira munthuyo ana amatsala opanda pogwira. Zoona zikanenedwa mwaulemu, pamlingo umene munthuyo wafunsa, amasiya kudikira chimene sichibwera n'kuyamba kufuna zinthu zimene zingatheke. Cicely Saunders, amene anatsegula malo osamalira odwala osachizika a St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wodwala chonchi si wa m'thupi mokha, umakhudzanso maganizo, banja ndi mzimu. Zonsezi n'zoona, koma dongosolo lake ndi lofunika. Uyambe wathetsa wa m'thupiwo, zinazo zimatuluka zokha.

Ndi zimene ndinakapeza Lachinayi titabwerera kwa mayi aja. Anali atakhala pakhonde la nyumba yaikulu, atatsamira khoma, atavala duku loyera. Anali atagona usiku uwiri wathunthu. Fungo linali litachepa moti mwana wawo wamng'ono anali atagona pamwendo pawo. Sanatchulenso za jekeseni. Nditangokhala pansi anayamba ndi funso: "Anesi, mtsikana wangayu ali Sitandade 8. Ine ndikapita, sukulu apitiriza ndi ndani?"

Apa ndiye panagona nkhani yeniyeni, ndipo inatitengera tsiku lonse. Amuna awo anachoka kalekale, ali ku Johannesburg ndipo foni anasiya kuimba. Tinapempha kuti aitane amalume a anawo, eni mbumba, ndi mng'ono wawo uja, komanso mayi wina wa Mvano amene amawayendera. Amalumewo anabwera atakwiya. Iwo anali atapeza kale wogula mbuzi ziwiri kuti apite ndi mlongo wawo kwa sing'anga wina kutsidya kwa malire, chifukwa ankakhulupirira kuti pali munthu amene anawachita chipongwe. Sindinawaseke, munthu amene akuona mlongo wake akutha amafuna chifukwa. Ndinawafotokozera kuti khansa iyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene anthu ambiri amakatenga osadziwa, ndipo mwa amayi ena kamakhala zaka zambiri kakusintha khomo la chiberekero mwakachetechete. Koma amene anathetsa nkhaniyo ndi odwalawo. Anati, "Achimwene, mbuzizo musagulitse chifukwa cha ine. Ndi fizi ya mwanayu akasankhidwa kupita ku sekondale. Mundilonjeze pamaso pa anthuwa." Amalume anayang'ana pansi nthawi yaitali, misozi ikugwera pafumbi, kenaka anati, "Ndamva, achemwali. Mwanayu ndi wanga."

Ndinawauzanso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalola munthu aliyense wamkulu kulemba wilo, ndipo limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Anagwirizana zoti mphunzitsi wina wa pafupi adzawalembere zofuna zawo pamaso pa mboni ziwiri, ndipo amfumu adziwitsidwe. Mtsikana uja anali akumvetsera zonsezi ali pakhomo la khitchini. Pochoka anandiperekeza mpaka pagalimoto n'kundifunsa ngati nayenso adzadwale matenda a amayi ake. Ndinamufunsa ngati analandira katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana mu 2019. Anati anabayitsa kusukulu. Ndinamuuza kuti katemerayo amateteza kwambiri, ndipo akadzakula azikayezetsabe. Mng'ono wa odwalawo, amene sanayezetsepo chibadwire, analonjeza kuti abwera kukiliniki ya VIA, kumene timapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pali posintha mtundu. Kuyezako sikutenga nthawi, ndipo pakapezeka poyambira pamachizika tsiku lomwelo.

Lachisanu m'mawa ndinali ndi mapepala: kaundula wa mofini amene amafuna kuti mililita iliyonse ilembedwe ndi kusainidwa, lipoti la mwezi, ndi oda ya kufamase. Masana tinapita kukapepesa bambo wina amene akazi ake tinkawasamalira ndipo anamwalira miyezi ingapo yapitayo. Ntchito yathu siithera pamanda. Masiku a maliro pakhomo pamadzaza anthu, amayi m'nyumba ya siwa, adzukulu kumanda, nyimbo usiku wonse. Koma chipepeso chikatha ndipo abale akabalalika, wofedwa amatsala ndi nyumba imene chilichonse chikumukumbutsa malemu. Bamboyu ulendo wapitawo anandiopsa. Anali atasiya kudya, akumwa kachasu, ndipo ananena kuti kuli bwino atsatire mkazi wake. Ndinamufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu, kumangomutsegulira poyankhulira. Anavomera. Tinagwirizana ndi mchimwene wake kuti achotse mankhwala a m'munda amene anali m'nyumbamo, kuti asamagone yekha, ndipo tinamulumikiza ndi mnzathu woona za matenda a maganizo.

Ulendo uno tinamupeza kumunda akupanga mizere. Sanachire chisoni, ndipo sindinayembekezere kuti achire. Analira potiuza kuti m'mawa amadzukabe n'kufuna kuwaitana akazi ake. Koma anali atameta ndevu, ndipo anati waganiza zodzala mtedza pamalo pamene malemu ankadzala, chifukwa mbewu yawo ikadali m'chigubu ndipo siingangoonongeka. Anafunsanso ngati n'zololedwa kuti iye aziyendera bambo wina wa mudzi woyandikana nawo amene akudwazika mkazi wake, popeza amuna ambiri sadziwa kusambitsa wodwala ndipo amachita manyazi kufunsa. Ndinamuuza kuti n'zololedwa ndithu, ndipo dzina lake ndalipereka kwa amene amaphunzitsa mavolontiya.

Loweruka sindigwira ntchito, koma foni siizima. Madzulo anaimba volontiya uja. Mtima unagunda, ndinaganiza kuti ndi uthenga wa maliro. Koma anati mayi aja akufuna kupita kutchalitchi mawa, miyezi yapita osapondako, ndipo akufunsa ngati angathe kukhala mpaka mapemphero atha. Ndinati amwe mofini wawo wa 6 koloko monga mwa nthawi zonse, awonjezere mlingo wina atatsala pang'ono kunyamuka, botolo apite nalo kuti wa 10 koloko asadumphe, atenge nsalu zosinthira, ndipo akhale kumbuyo pafupi ndi khomo pamene angagone pamphasa akatopa. Volontiyayo anati amalume apeza kale njinga yowanyamulira.